Kachigamba koyeza kutentha kwa thupi kopanda batire: mmene ndimakapangira kuno ku Chipata

Mlongo wanga anachira mwana masiku asanakwane, m'mwezi wa June, kuzizira kuli pachimake. Atatuluka m'chipatala anapita kukakhala ndi ambuya kumudzi, njira ya ku Chadiza. Anesi anamulangiza kuti mwanayo azimufungatira pachifuwa khungu kwa khungu, ndipo azimuyeza m'khwapa, kutentha kusatsike pansi pa madigiri 36.5 komanso kusapitirire 37.5. Ndinamugulira themomita ya manambala. Sipanathe mwezi, kabatire kake ka LR41, kaja konga batani la malaya, kanatha. Pa kantemba ka kumudziko amagulitsa sopo, mchere, machesi ndi mabatire a tochi basi. Themomita inabwera kuno kwa ine panjinga, m'thumba la munthu amene ankabwera kudzagula feteleza, n'kubwerera patatha masiku anayi. Mwana anakula bwino, lero akuthamangitsa nkhuku, koma masiku anayi aja sanandichoke m'mutu.

Ine ntchito yanga ndi yokonza mafoni, pafupi ndi msika wa Kapata. Zimene ndilembe pano ndi za kachigamba komata pakhungu kamene ndakhala ndikupanga madzulo ndikatseka shopu. Ndi ka anthu amene amadziwa kugwira chowotcherera ndi mita, ngakhale sanapite patali ndi masamu.

Chinthu chopanda batire sichikhala chopanda moto

Kumudzi moto ukazima simudandaula, mumatenga phale n'kukapala kwa aneba. Kachigamba kopanda batire kamachita chimodzimodzi. Funso loyamba ndi lakuti kakapala kwa yani.

Ambiri amathamangira kutentha kwa thupi. Pali tizipangizo totchedwa thermoelectric generator timene timatulutsa magetsi mbali imodzi ikatentha kuposa inzake. Khungu la munthu limakhala cha m'ma 33, ndiye kumaiko ozizira kusiyana kumakhalapo ndithu. Koma kuno mu October masana timadutsa 30, ndipo ku Mfuwe, kuchigwa cha Luangwa, kumafika 40. Mpweya ukafanana ndi khungu, kachipangizo kaja kangokhala ngati mwala. Sola nayo ili ndi vuto lake: khanda limakhala m'nyumba, lokulungidwa m'chitenje ndi bulangete. Magetsi ochokera m'kuyenda ndi kugwedezeka amafuna munthu woyenda, pomwe wodwala amagona. RFID ya UHF, njira yowerengera tizipangizo topanda batire ndi mafunde a wailesi a pakati pa 860 ndi 960 MHz, imawerengeka patali mamita angapo, koma thupi la munthu lili ndi madzi ambiri, limameza mafundewo, ndipo makina owerengera ndi odula.

Ine ndinasankha NFC, ija ya m'makhadi a kubanki ongogunditsa pamakina. Imagwira pa 13.56 MHz. Kumsana kwa foni kuli koyilo imene imatulutsa mphamvu ya maginito. Koyilo ina ikayandikira masentimita awiri kapena atatu, imatola mphamvuyo n'kuisandutsa magetsi, ndipo uthenga umadutsanso momwemo. Ndiye aneba athu opalako moto ndi foni. Kachigamba kamakhala kakufa tsiku lonse, kamadzuka masekondi awiri kapena atatu foni ikakagunda, n'kufanso. Zonse zotsatira, kuyambira kusankha zipangizo mpaka kulemba pulogalamu, muziziyeza ndi masekondi amenewa.

Kuchotsa batire kuli ndi phindu lina limene makolo amalimvetsa msanga. Mwana akameza batire la CR2032 n'kumukhala pakhosi, limatha kuwotcha kum'mero m'maola awiri okha. Kachigamba kopanda batire mukhoza kukamatiratu konse mu silikoni, popanda chitseko choti madzi alowere kapena chala cha mwana chitsegule.

Yambani ndi foni, osati ndi bolodi

Apa ndi pamene ndinagwa chagada. Ndinajambula bolodi, ndinaitanitsa zipangizo, ndinadikira masabata, ndinawotcherera usiku wonse, kenako ndinatenga foni ya mlamu wanga kuti ndiyese. Zii. Inalibe NFC. Ndinayamba kuyesa mafoni a makasitomala amene anali pathebulo langa tsiku limenelo, ndipo otchipa ambiri, amene ndi omwe ali m'manja mwa anthu kumudzi, analibe. Ine munthu wotsegula mafoni tsiku ndi tsiku! Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

Choncho musanagule kanthu, pitani kumene kachigambako kakagwire ntchito mukaone foni imene idzakawerenge. Nthawi zambiri siidzakhala ya mayi wa mwana. Idzakhala ya wodzipereka wa zaumoyo m'mudzi, ya membala wa SMAG (gulu lolimbikitsa uchembere wabwino), kapena ya mphunzitsi wa pasukulu yapafupi. Lowani mu Settings muone ngati muli NFC. Ikani pulogalamu ya NXP TagInfo kapena NFC Tools, tengani khadi lililonse la NFC, muliyendetse pang'onopang'ono kumsana kwa foniyo mpaka itanjenjemera. Pamenepo ndi pamene pali koyilo. Ikanipo kadontho ka utoto wa m'zikhadabo. Mafoni ena ili pafupi ndi kamera, ena pakati. Munthu amene sadziwa malo amenewa amangosisita foni pathupi la mwana n'kunena kuti chinthu chanu chafa.

Muyeze chinthu chimodzi

Mtima udzakuuzani kuti muikemo kugunda kwa mtima, mpweya wa m'magazi, zonse. Ukanizeni. Kuyeza mpweya wa m'magazi kumafuna timagetsi ta LED timene timadya ma milliamp angapo, ndiponso munthu ayenera kugwira foni osagwedeza masekondi ambiri. Kutentha kwa thupi ndi nambala imodzi, imatuluka msanga, ndipo kuno kwathu kwa malungo ndi nambala imene imauza mayi ngati ayenera kuyamba ulendo wa ku kiliniki usiku womwewo.

Zipangizo zenizeni ndi zitatu. Yoyamba ndi chip ya NFC yokhala ndi mwendo wotulutsa magetsi amene yatola. Ine ndimagwiritsa NTAG I2C plus ya NXP, nambala yake NT3H2111. Pa foni yabwino imapereka pafupifupi 5 mA pa 2 V. ST25DV ya STMicroelectronics imachitanso zomwezo. Palinso RF430FRL152H ya Texas Instruments, imene ili ndi purosesa m'kati momwemo, koma kuilembera pulogalamu kumafuna zida zake, ndiye woyamba kumene ndingamulangize kuisiya kaye.

Yachiwiri ndi sensa. TMP117 ya Texas Instruments siphonya kupitirira 0.1 pakati pa −20 ndi 50, imayamba kugwira ntchito pa magetsi ochepera 2 V, ndipo poyeza imadya cha m'ma 135 microamp. MAX30205 nayo inapangidwira thupi la munthu, koma imafuna 2.7 V kupita m'mwamba, ndipo foni yofooka siingakupatseni zimenezo. Yachitatu ndi ka microcontroller, kakompyuta kakang'ono ka pa chip imodzi, kosadya moto, monga STM32L011 kapena MSP430, koti kaziwerenga sensa n'kupereka nambala ku chip ya NFC kudzera pa mawaya awiri a I2C. Kachepetseni liwiro kufika 1 kapena 2 MHz, palibe chothamangira. Mukaphatikiza zonse muyenera kukhala pansi pa 1 mA. Musawerengere 5 mA ija ngati yanu. Dzanja la munthu limanjenjemera, foni ili m'kava yonenepa, pakati pali malaya a mwana.

Pakati pa mwendo wotulutsa magetsi uja wa chip ya NFC, wotchedwa VOUT, ndi ground ikani kapasita ya pakati pa 150 ndi 220 nF, osapitirira. Wokonza mawailesi aliyense adzafuna kuikapo yaikulu kuti magetsi akhazikike, koma kapasita yaikulu imameza moto wonse poyamba, chip n'kulephera kuyankha foni. Ma resistor okokera mawaya a I2C m'mwamba akhale aakulu, 10k kapena kuposa, chifukwa aang'ono amadya moto mwakachetechete. Ndipo gulani kwa ogulitsa odalirika. Ndinagulapo ma TMP117 otchipa pa intaneti, awiri atagona limodzi pathebulo ankasiyana pafupifupi digiri yathunthu. Chikomekome cha mkuyu.

Koyilo

Ntchito yaikulu ili apa. Koyilo ndi kapasita ya m'kati mwa chip ziyenera kumvana pa 13.56 MHz, monga mmene mumapotozera wailesi mpaka siteshoni imveke bwino. Masamu ake ndi f = 1 ÷ (2π√(LC)), pamene f ndi nambala ya mafunde, L ndi ya koyilo ndipo C ndi ya kapasita. NTAG I2C plus ili ndi 50 pF m'kati, ndiye koyilo iyenera kukhala pafupifupi 2.75 microhenry. Mukasankha ST25DV, imene ili ndi 28.5 pF, mufunika pafupifupi 4.8.

Koma musalunjike pa 13.56 ndendende. Khungu, thukuta, silikoni ndi foni yomwe, zonse zimakokera nambalayi pansi. Ine ndimajambula koyilo ya makona anayi, mamilimita 35 mbali iliyonse, mizere 6, mzere uliwonse 0.3 mm ndi mpata wa 0.3 mm. Imatuluka cha m'ma 2.5 microhenry, ndipo ili pamphepo imalira pang'ono pamwamba pa 14 MHz. Ikamatidwa pathupi imatsika yokha kuyandikira pamene tikufuna. Pabolodi ndimasiya malo opanda kanthu a kapasita imodzi yaing'ono, kuti ngati yakwera kwambiri ndiwonjezere 5 kapena 10 pF. Kutsitsa n'kosavuta, kukweza ndiye kujambula bolodi yatsopano.

Musaichepetse kwambiri pofuna kukongoletsa. Koyilo yonga ndalama ya 50 ngwee imaoneka bwino pachithunzi, koma imatola moto wochepa ndipo kuipeza ndi foni ndi ntchito. Musaikenso mkuwa wa ground pansi pake kapena kudzaza pakati pake, chifukwa chitsulo chimapha mphamvu ya maginito.

Musanalipire bolodi, yesani ndi waya wopyapyala wa m'transifoma yakufa. Khomani misomali inayi pathabwa, kulungani mizere isanu ndi umodzi, matani ndi selotepi, lumikizani ku chip. Poyeza, kachida kotchedwa NanoVNA ndi kokwanira: pangani kalupu ka waya kamodzi kukamwa kwake, kayandikizeni ku koyilo osakhudza, ndipo mzere wa pasikirini udzagwa pamene koyiloyo ikulira. Yezani katatu, ili pathebulo, ili pamkono wanu wouma, ndiponso mutakwera phiri la Kanjala thukuta lili kamukamu. Nambala yachitatuyo ndiyo ya moyo weniweni.

Bolodi ndimajambula mu pulogalamu ya KiCad, imene ndi yaulere, n'kutumiza ku mafakitale a ku Shenzhen monga JLCPCB kuti asindikize pa polyimide, kapepala kofewa kachikasu kaja kamene mumakaona m'mafoni kolumikiza sikirini. Bolodi yolimba ya FR4 ndi yabwino poyesera pathebulo, koma pathupi imatukuka m'mbali n'kukanda khungu.

Maonekedwe ake ngati mbululu

Sensa musaiike pakati pa koyilo. Foni imene yakhala m'thumba kapena padzuwa ndi yotentha, chip ya NFC nayo imafunda pang'ono ikamatola moto, ndipo zonsezi zimalowa m'nambala yanu. Chinanso, malo abwino oyezera ndi m'khwapa, koma foni siingalowe m'khwapa mwa khanda popanda kukweza mkono, ndipo mukakweza mkono mphepo yalowa.

Ndiye kachigamba kanga kali ngati mbululu. Mutu ndi koyilo, umakhala pambali pa chifuwa pamene foni ifika mosavuta. Mchira ndi kalamba kopyapyala ka masentimita asanu kapena asanu ndi limodzi, kokhala ndi mizere inayi yopyapyala ya mkuwa, ndipo sensa ili kunsonga kwake, m'khwapa. Kumbali ya khungu, pansi pa sensa, ndimasiya kabwalo ka mkuwa kotola kutentha. Kumbali yakunja ndimamata kasiponji kopyapyala kotchinga mphepo. Makona onse akhale obulungira, ndipo pamene mchira ukumana ndi mutu pakhale potambalala pang'onopang'ono, chifukwa mkuwa umathyokera pamenepo.

Pomata, musagule silikoni wa m'mahadiweya womatira magalasi ndi masinki. Mukamununkhiza amamveka ngati viniga, ndipo asidi ameneyo amadya mkuwa; bolodi yanga yachiwiri inasanduka yobiriwira m'masabata ochepa. Funani silikoni wosakaniza mbali ziwiri wopangidwira khungu, mumupake mopyapyala, makamaka pa sensa. Kumata pathupi gwiritsani pulasitala ya kuchipatala yoonekera mkati, yonga Tegaderm, kuti guluu wanu asakhudze munthu.

Pulogalamu, ndi misampha iwiri

Zimene microcontroller imachita ndi zochepa: yadzuka, yadikira pang'ono kuti magetsi akhazikike, yauza TMP117 pa adiresi 0x48 kuti iyeze, yadikira pafupifupi 125 millisecond kuti iyeze kasanu ndi katatu n'kupeza pakati, yachulukitsa nambala ndi 0.0078125, yalemba ku NTAG pa adiresi 0x55, yagona.

Msampha woyamba ndi woopsa. Foni ikangogunda imawerenga nthawi yomweyo, sensa isanamalize. Ngati nambala mumaisunga mu EEPROM, imene siifufutika moto ukachoka, foni idzaonetsa ya dzulo. Mwana akutentha 39, sikirini ikuti 36.8, mayi n'kubwerera kukagona. Lembani mu SRAM, timabaiti 64 timene timafufutika foni ikachoka. Kuli bwino foni inene kuti yesaninso kusiyana n'kunama. Pulogalamu ya pafoni izidikira theka la sekondi isanawerenge, ndipo iziyang'ana kabaiti kotsimikiza kuti muyeso watha. Iwonetse nambala yaikulu ndi mtundu, wobiriwira kapena wofiira, ilirenso, popeza wogwira foni maso ake ali pa mwana.

Wachiwiri unandidyera Loweruka lathunthu. Baiti yoyamba ya block 0, gawo loyamba la memory mu NTAG I2C, mukaiwerenga imaonetsa 0x04 nthawi zonse, koma mukalembapo, chip imaitenga ngati adiresi yake yatsopano. Ndinawerenga block yonse, ndinasintha pang'ono, ndinabwezera momwemo, ndipo chip inangoti zii. Ndinaizula, ndinaika ina, nayonso chimodzimodzi. Sizinapse ayi, zinasamukira ku adiresi 0x02. Block 0 isiyeni.

Kuyesa ngati kakunena zoona

Thirani madzi ofunda mu fulasiki, vundulani, ikanimo mchira wa kachigamba pamodzi ndi themomita yabwino ya kuchipatala, mutu uli kunja. Werengani pa 41, 39, 37 ndi 35, madzi akamazizira. Madzi odzaza ayezi wophwanya ayenera kupereka 0. Osayesa ndi madzi owira poganiza kuti ndi 100. Chipata ili pamtunda woposa mamita 1,000, madzi athu amawira cha m'ma 96.

Kenako kavaleni inu mwini sabata yathunthu. Sambani nako, gonani nako, palasani njinga. Mudzaona kuti mukangokamata kamafuna mphindi zingapo mkono uli pansi kuti kafike pa kutentha kwenikweni, ndipo mudzadziwa tsiku limene pulasitala imayamba kuyabwa.

Kufikitsa nambala kutali

Kachigamba kamalankhula masentimita atatu okha. Makilomita otsalawo ndi a foni. Netiweki kumidzi imapezeka pachulu kapena pansi pa mtengo wakutiwakuti, ndiye pulogalamu izisunga muyeso uliwonse ndi nthawi yake, n'kutumiza ikapeza mpata. SMS ndimaikonda kuposa data: imadutsa pa 2G, pa MTN, Airtel kapena Zamtel, siifuna bandulo, ndipo zilembo 160 ndi zambiri. Chip iliyonse ili ndi nambala yakeyake ya mabaiti 7; tumizani imeneyo, kutentha ndi nthawi, dzina la wodwala likhale m'kaundula wa ku kiliniki. Lamulo la Data Protection Act la 2021 limaika nkhani za umoyo wa munthu m'gulu lofuna kusamalidwa mwapadera.

Waya sangakuyankhireni funso lakuti SMS ikafika 2 koloko usiku, ikulira m'thumba la yani, ndipo iyeyo achita chiyani. Khalani pansi ndi anesi a pakiliniki imene mukuiganizira musanalembe mzere ndi umodzi womwe. Ine anandiuza mosabisa kuti safuna mauthenga makumi asanu onena kuti ana ali bwino; akufuna ofiira okha, ndi chidule kamodzi patsiku. Mukafuna kuti tsiku lina manambala alowe mu SmartCare kapena DHIS2, makaundula a pakompyuta a boma a zaumoyo, imeneyo ndi nkhani ya Unduna wa Zaumoyo, osati yolowera pazenera.

Pathupi la munthu wina, makamaka khanda, simumatapo chinthu cha pathebulo lanu chifukwa choti chagwira ntchito pa inu. Khungu la mwana wobadwa masiku osakwana limasupuka ndi pulasitala wamba. Kuyesa pa anthu kumafuna komiti yoona za kafukufuku ndi chilolezo cha National Health Research Authority. Zida za chipatala zimadutsa ku ZAMRA, bungwe loyang'anira mankhwala ndi zida zotere, ndipo zotumiza mafunde zogulitsa zimadutsa ku ZICTA, bungwe loyang'anira zamafoni ndi mafunde.

Chimene kachigamba aka sikangachite

Sikangadzutse munthu. Foni ikakhala patali, sikayeza kanthu. Gulu la John Rogers ku Northwestern University, ku America, linaonetsa mu 2019 tizigamba topanda batire toyeza mtima ndi mpweya wa makanda mosalekeza, koma moto ankaupala ku koyilo yaikulu yoikidwa pansi pa matiresi, yolumikizidwa ku magetsi a m'chipatala. Tizipangizo ta gulu lomwelo timene tinayesedwa pa amayi oyembekezera ku Lusaka tinali ndi timabatire totchaja ndi Bluetooth. Ngakhale FreeStyle Libre ya Abbott, ya odwala shuga, imene anthu amaiwerenga ndi foni, ili ndi kabatire m'kati kuti iziyeza yokha masiku 14. Aliyense amene anakhala muno mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, magetsi n'kumabwera maola owerengeka, akudziwa kuti koyilo ya pansi pa matiresi si ya kumudzi kwa ambuya.

Kanga n'koyenera pamene pali munthu woti azigunditsa foni m'mawa, masana, madzulo ndi pakati pausiku poyamwitsa, ndi kasola kakang'ono kotchajira foniyo. Bolodi yachinayi ili m'khwapa mwanga pamene ndikulemba izi, tsiku lachisanu. Mchira ukadali wolimba, koma pulasitala yayamba kutukuka kumbali ya kumsana, ndipo yotsatira ndidzaidula mokulirapo ndi sentimita imodzi.